Musagulitse Munda wa Kudambo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno kumsasa wa othawa nkhondo tilipo, ine, mpongozi wanu ndi ana, ngakhale chaka chino chatipinda.

Mliri utafika anatseka chipata cha msasa. Maganyu a m'tauni anathera pomwepo, ndipo chakudya chomwe timalandira anachichepetsa. Ine ndinkangokhala pakhonde, nyundo ndi lumo la malata zikuchita dzimbiri pansi pa bedi. Mpongozi wanu anafika pondiuza kuti ndikapitiriza choncho ndimera mizu pampando.

Tsiku lina kuchipatala ndinaona anthu ali pamzere wosamba m'manja, koma onse akugwira mpopi umodzi womwewo. Ndinaganiza zopanga chidebe chotsegula ndi phazi. Kukhoma ndimatha, monga anandiphunzitsira malemu bambo, koma kuwotcherera zitsulo ayi. Ndiye ndinapita kwa mnansi wathu wowotcherera, amene anathawira kuno kuchokera kudziko lina. Chilankhulo sitimvana. Tinajambulirana pansi ndi kamtengo mpaka mkuluyo anaseka n'kundigwira paphewa.

A bungwe loyang'anira msasa atamva, anatibwereka kashedi ndi makina owotcherera. Chidebe choyamba chinatichititsa manyazi. Namwino atangoponda, madzi onse anathera m'nsapato zake. Sanakwiye, anangoti tikakonze tibwerenso, chifukwa iye watopa ndi kupukuta mpopi tsiku lonse. Chachiwiri chinagwira. Pano zidebe zathu zili kuchipatala, kumsika ndi kusukulu, ndipo a m'tauni ayamba kuitanitsa. Mpongozi wanu naye anaphunzira kupanga sopo wamadzi. Pakamwa pake mukupadziwa, wogula chidebe sachoka wopanda botolo.

Sikuti zonse zili myaa. Mnzanga uja anadwala mliriwu, anamuika kwayekha, ndipo ndinkaopa kuti sitidzaonananso. Ndinkamusiyira chakudya pakhomo, tikumakodolana pawindo. Wachira, koma akupumabe mobanika, choncho zolemera ndikunyamula ndine. Malata nawonso akusowa pamene ofuna zidebe achuluka. Walira mvula walira matope.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Alamu anandiuza pafoni kuti mukufuna kugulitsa munda wa kudambo kuti mutitumizire thandizo. Chonde musatero, Amayi. Ndikudziwa kuti mtima wa kholo sukhala pansi, koma ife tsopano tikudya thukuta lathu, ana sakugona ndi njala. Mundawo ndi umene ukukudyetsani inu. Ndiponso nkhondo ikadzatha ndikufuna adzukulu anuwa adzapeze pofikira. Wamng'onoyu anabadwira kuno, saudziwa munda, amaganiza kuti chimanga chimachokera m'thumba.

Mupereke moni kwa amalume, azakhali, achemwali ndi alamu, osaiwala ana onse. Mpongozi wanu akuti wakusowani kwambiri. Mudzisamalire, ndipo kumaliro muzikhala pamphepo, osati m'nyumba modzaza anthu.

Ndatha ine,
mwana wanu wachisamba.