Masiponji Atatu pa Tikiti Imodzi

Lolemba, 3 Juni

Msonkhano wa aphunzitsi unayenera kuyamba 2 koloko. Unayamba 2:25.

Nkhani yake: denga la kalasi yachisanu likudontha ngati sefa. A hedi akufuna kuti pa 15 tichite tsiku la masewera ndi malonda pabwalo la mpira, tiitane makolo ndi anthu ozungulira, tipeze ya malata. Maganizo anachita kutuluka m'kamwa mwa aliyense. Makeke. Kupenta ana kumaso. Kugwetsa zitini ndi kampira. Botolo la masiwiti, munthu alote kuti alimo angati. Kuthamanga m'matumba. Dzira pa supuni (mazirawo agula ndani?). Kukokana chingwe, aphunzitsi ndi makolo. Ine monga wachiwiri kwa a hedi ntchito yanga n'kulemba, ndiye ndinalemba zonse, khumi ndi ziwiri. Langa ganizo sindinapereke. Palibenso anandifunsa.

Atsala masabata anayi kuti ndipume pantchito. Zaka 31, sukulu yomweyi, geti lomwelo.

Lachitatu, 5 Juni

Mphunzitsi wa zamasewera, mtsikana uja anabwera chaka chatha, pakamwa pake palibe chotsekera. Akuti kumene anachokera amakhazika munthu pampando, anthu n'kumagula tikiti yomugendera ndi siponji yonyowa. Akuti ndalama zake zimaposa za makeke kutalitali. "Koma pampandopo pamafunika munthu woti anthu ali naye chifukwa," anatero.

Aliyense anayamba kuyang'anitsitsa kapu yake ya tiyi. A hedi anatsokomola popanda chifuwa.

Ndinalemba: 13, mpando. Wokhalapo, sanapezeke.

Lachinayi, 6 Juni

Ndimakatenga choko m'chipinda cha aphunzitsi, chitseko chili chotseguka pang'ono. Ndinamva wina akufunsa ngati za kutsanzikana nane zakonzedwa. Wina: "Adzayankhule ndani? Ine ndiye ayi, angandikonze galamala pagulu." Wina: "Tingowagulira wotchi basi." Kuseka kokhakokha, mpaka wina kumenya tebulo.

Nditalowa kunangoti duu. Ndinatenga choko changa n'kutuluka.

Za wotchi sizinandikhudze. Chandipweteka ndi china, ndisaname. Zaka zonsezi kuseka kwa anzanga ndimakumvera pakhonde. Sindikudziwa kuti kumamveka bwanji munthu uli m'kati momwemo.

Lachisanu, 7 Juni

Ndawauza a hedi kuti pampando paja ndidzakhala ine. Anati, "Aphunzitsi, musadzivute, mtsikanayu amangoyankhula." Ndinati ndatha kale kuganiza. Anandiuza kuti ndiwauze olemba alembe dzina langa, kenako anakumbukira kuti olembawo ndine.

Lamlungu, 9 Juni

Ndawauza mayi akunyumba tikumwa tiyi. Poyamba anati, "Bambo, mutu ukuyenda bwino?" Kenako anafunsa mtengo wa tikiti. Amenewo ndiye akazi anga.

Atatsuka makapu anabweranso. "Koma mukufunapo chiyani pamenepa?" Ndinati malata. Anati, "Malata, eti," n'kupita kukaanula zovala.

M'kope muno ndingathe kunena. Dera lonseli linadutsa m'manja mwanga. Wogulitsa nyama, telala, oyendetsa basi awiri, namwino wa kuchipatala. Onsewa ndinawatsekerapo geti 7:30 ikakwana, ndinawatoletsa zinyalala, ndinawabweza kunyumba chifukwa cha tsitsi. Lero ena ali ndi imvi, koma akandiona pamsewu amabisa ndudu kumbuyo, kapena amawoloka ngati aitanidwa tsidya linalo. Ndinkati ndi ulemu umenewo, ndipo ndinkanyada nawo. Tsopano ndikufuna kamodzi kokha andigende, aseke, inenso ndiseke nawo. Ndisachoke pano ngati chikwangwani chimene achizula pageti.

Lachiwiri, 11 Juni

Masiponji apezeka. Tadula matiresi akale a m'chipinda cha odwala, zidutswa makumi atatu. Kafungo kake kalipo, koma akuti madzi achotsa.

Mkangano wa malo wayamba. A makeke akufuna pansi pa mtengo, opentanso akufuna pomwepo chifukwa penti imauma padzuwa. A zitini akuti asayandikane ndi a botolo la masiwiti, pangasweke zinthu. Ndajambula mapu, aliyense ndamupatsa pake. Palibe anatsutsa.

Wa zamasewera wapanga chikwangwani cha mpando: LERO NDI LERO, BWEZERANI! Pansi pake anajambula munthu wa tayi ndi makiyi m'manja. Mphuno anachulutsa. Pamawuwo panasowa mpatuliro umodzi, ndauikapo.

Lachitatu, 12 Juni

A hedi andiuza monong'ona, maso ali pa tebulo, kuti matikiti a mpando atha kale, asindikiza ena. Makaniko wa pafupi ndi siteji ya basi wagula khumi yekha. Ndikumukumbuka. Ankachedwa tsiku lililonse, ndipo sindinamufunsepo chifukwa chake.

Ndabwerera kunyumba mtima uli myaa. Zodabwitsa, munthu kukondwa kuti anthu ambiri akufuna kumugenda.

Lachinayi, 13 Juni

Ndayesa kumwetulira pagalasi pometa ndevu. Zikuoneka ngati dzino likundiwawa.

Lachisanu, 14 Juni

Takhoma zikhomo, takoka zingwe. Kuchokera pa mzere woponyera kufika pampando ndayeza ndekha, mamita anayi. Ndowa ziwiri. Mpando watengedwa mu ofesi yanga.

Mayi akunyumba anditulutsira malaya akale olimira kudimba. Ndakana. Ndivala jekete ndi tayi. Anthuwa sanalipire kuti agende munthu wa kudimba.

Loweruka, 15 Juni

Anthu anabwera, bwalo linadzaza. Makeke anatha isanakwane 11. Pa kukokana chingwe makolo anatikoka ngati thumba la makala, a hedi nsapato ina inatsala m'matope. Dzira pa supuni anachita ndi miyala.

Mpando unayamba 1 koloko, pa nthawi yake. Ndinakhala, manja pamaondo. Mzere unakafika mpaka pagolo. Nkhope zonse ndikuzidziwa, ena ndi malo amene ankakhala m'kalasi. Anali akukankhana, akuseka, wina akuyeserera dzanja.

Woyamba anali makaniko uja. Chimunthu chachikulu tsopano, manja akuda ndi oyilo. Wa zamasewera anamupatsa siponji ikuchucha madzi. Anafika pa mzere, anakweza dzanja, tinayang'anana. Ndinayesa kumwetulira kuja.

Dzanja linatsika. Anasamutsira siponji kumanzere, ndipo ndi lamanjalo anayamba kupisira malaya m'thalauza.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Ndinati ndaswera bwino, aponye.

"Ee, aphunzitsi." Osaponya. Madzi akungodonthera pa nsapato zake.

Mzere wonse unali utasiya phokoso. Ena anavula zipewa. Telala ndinamuona akuchoka pamzere mwakachetechete, ngati wakumbukira kuti anasiya simbi pamoto. Wa zamasewera anayesetsa, anakuwa, anaomba m'manja, "Tiyeni abambo, mwalipira kale!" Makaniko anati ndalamayo ikhale ya malata basi, palibe vuto. Kumbuyo kwake anthu anavomereza, ee, ikhale ya malata.

Ndinaona kuti akufuna kubalalika, ine n'kutsala pampando wouma ngati mmene ndinabwerera. Mantha anandigwira, enieni. Ndiye mawu anatuluka okha, aja a pageti.

"Iwe! Ima bwino. Ponya!"

Anaponya nthawi yomweyo. Inandipeza pachifuwa, pa tayi penipeni. Anati, "Pepani, aphunzitsi." Ndinati atsala awiri. Anaponya awiriwo, n'kukaima pambali manja kumbuyo, matikiti ake enawo osawatulutsa n'komwe.

"Wotsatira!"

Zinayenda bwino kwambiri. Mmodzimmodzi, atatuatatu, popanda wolumpha mzere. Wogulitsa nyama, namwino, oyendetsa basi. Telala anachita kukatengedwa. Aliyense akaponya ankapepesa. Wa zamasewera ankangoviika masiponji m'ndowa osayang'ana kumbali yanga. Madzi analowa m'makutu, m'nsapato, jekete linalemera ngati bulangete lochapa. Pabwalo lonse chimene chinkamveka ndi phwa! wa siponji ndi mawu anga oitana wotsatira. Mayi akunyumba anaima pafupi ndi tebulo la makeke, tikiti yawo ili m'manja. Sanabwere pamzere.

Itakwana 2:10 ina inandimenya pamphuno, magalasi anagwera m'ndowa. Ndinadikira. Munthu wa zaka 60, tayi ili paphewa, akufufuza magalasi m'madzi a matiresi. Ngakhale ine ndinaona kuti n'zoseketsa. Ndinawavala ali onyowa n'kuyang'ana mzere. Onse ali njo, akundidikira.

Ndinati, "Sekanitu."

Anaseka onse pamodzi. Nditakweza dzanja kuti ndipukute kumaso, anasiya.