Tsaya la Kumanzere la Atate Ako

Katondo, Kabwe

Mwana wanga Felistas,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana ku Lundazi uko. Kodi chifuwa cha Happy chinatha? Ife kuno Mulungu akutisunga tonse, kupatula nkhope ya atate ako. Ndalemba kalata m'malo mokuimbira foni chifukwa atate ako akalamba paliponse koma makutu.

Ukudziwa kuti ukwati wa mng'ono wako Charity watsala milungu iwiri. Mwezi watha mwanayu anabwera ndi kabotolo ka kirimu kamene anagula kwa Namwinga, uja wa saluni kuseri kwa msika. Akuti azidzola mpaka tsiku la ukwati kuti nkhope iyere, aoneke bwino pa zithunzi. Ndinamukumbutsa kuti Chongo anamufunsira ali wakuda chomwecho, koma ana a masiku ano amamvera foni, osati amai awo.

Anatiwerengera zolembedwa pa botolopo monyadira. Akuti kirimuyo anayesedwa ndi madokotala a khungu, ndi wa zitsamba zokhazokha, ndipo ngakhale khanda likhoza kudzola. Tsoka lake, atate ako anali pakhonde.

Ukuwadziwa atate ako. Anagwira ntchito yoyesa miyala ku labu ya mgodi zaka makumi awiri. Mgodi unatsekedwa kalekale, koma iwo mpaka lero sanaweruke. Anavala magalasi nkuyamba kutembenuza kabotolo kaja. Anafunsa kuti madokotalawo ndani, anayesa pa anthu angati, nanga atayesa anapeza chiyani. Akuti nawonso ankayesa miyala yambirimbiri, ina nkuipeza kuti ndi zinyalala, koma yonseyo inali yoyesedwa ndithu. Anafunafuna dzina la opanga, kumene amapezeka, tsiku lothera mphamvu, ndi zimene anasakanizamo. Panalibe chilichonse, koma chithunzi cha mzimayi akuseka yekha.

Charity analira, amvekere atate amadana ndi chilichonse chokongola. Basi atate ako anagamula kuti botolo alisunga iwo, aliyesa okha masiku khumi ndi anayi, likapambana amubwezera. Ine ndimayesa ayesera pa nsapato yakale. Ayi ndithu, pa nkhope yawo. Tsaya la kumanzere kirimu, tsaya la kumanja mafuta awo odzola a masiku onse, aja oyera a m'chitini. Akuti ndi mmene ankachitira ku labu: theka umayesa, theka umasiya, kenako nkuona kusiyana.

Felistas, pofika tsiku lachisanu ndinali ndi amuna awiri m'nyumba. Kumanja a Mathias amene ndinakwatiwa nawo, kumanzere mlendo wofiirira amene sindimudziwa. Ku Misa ana a kwaya anali kusinthana malo kuti aone mbali zonse ziwiri. Amai ena a mu mphakati wathu anandikokera pambali nkundifunsa ngati ndinawathira phala lotentha. Ine Olipa, wovala yunifomu ya Anna Woyera!

Ndinawachonderera kuti aleke. Ndinawakumbutsa kuti ndi iwo odzalowa ndi Charity m'tchalitchi, pamaso pa achibale a Chongo ochokera ku Nakoli, anthu oti amaona ngakhale batani losoweka pa malaya. Anakana. Akuti mayeso salekezedwa pakati.

Apa ndi pamene ndinachimwa, mwana wanga, ndipo usandiseke. Tsiku lina atapita kukameta, ndinatapa kirimu uja masipuni awiri nkusakaniza m'chitini cha mafuta awo. Mumtima ndinati ngati afiira, afiire konsekonse, anthu aziti ndi mmene analengedwera. Zoti ndikuwononga mayeso sizinandifike m'mutu n'komwe.

Zinathekadi. Pofika tsiku lomaliza masaya onse anafanana: onse ofiira, onse oyabwa, onse a tizilonda. Atate ako anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, nalemba m'kabuku kawo, kenako anatiitana pa thebulo. Anati palibe kusiyana pakati pa mbali ziwirizo, choncho kirimuyo alibe mlandu. Kufiira ndi kuyabwako ndi dzuwa la Okutobala ndi fumbi la Kabwe. Anapepesa kwa Charity. Atate ako kupepesa! Kenako anamupatsa botolo lake.

Charity anatsegula pomwepo, natapa ndi chala. Ndinaona chala chija chikukwera kunkhope ya mwana wanga, nkhope yosalala yoti sinatulukepo ngakhale chiphuphu. Ndinamugwira dzanja, ndipo ndinaulula zonse, masipuni awiri ndi tsiku lake lomwe.

Atate ako anavula magalasi pang'onopang'ono, nati: "Amake Felistas, botolo ili sindinalikhulupirire, n'chifukwa chake ndinaliyesa. Inu ndakhala nanu zaka makumi atatu ndi zisanu, sindinakuyesenipo ngakhale tsiku limodzi."

Bola akanandikalipira. Mawu amenewa akundipwetekabe mpaka pano.

Mawa lake tinapita ku kiliniki. Nesi wake, dzina lake Inonge, atamva za theka ndi theka anatuluka kaye panja, ndipo tinamumva akuseka. Atabwerera anati kirimu wosintha khungu m'masiku asanu amakhala ndi mankhwala amphamvu amene opanga sanafune kulemba. Anati mawu oti chinthu chinayesedwa aliyense akhoza kusindikiza, ndipo mafunso a atate ako anali olondola. Koma akuti munthu akafuna kuyesa mafuta atsopano amapaka pang'ono kuseri kwa mkono, osati theka la nkhope. Atate ako anangomva zoti anali olondola, zinazo sanazimve.

Charity anabweza botolo kwa Namwinga. Atamufunsa ngati iye amadzola, Namwinga anati iye ayi, khungu lake silichedwa kupsa. Mng'ono wako tsopano akuti akwatiwa ndi nkhope imene Mulungu anamupatsa, ndipo pamenepo ndikuthokoza.

Koma m'nyumba muno simuli bwino. Nkhope ya atate ako ikusupuka ngati mbatata yowotcha, ndipo nesi sanalonjeze kuti ipola ukwati usanafike. Amandiyankha ndi mawu amodzi amodzi. Mafuta awo, sopo, ngakhale mswachi, amatsekera mu sutikesi, kiyi m'thumba. Chimenechi ndicho chikundiliza, kuti mwamuna wanga akubisa sopo chifukwa cha ine.

Ndiye chonde, bwera msanga, usadikire tsiku la ukwati. Iwe ndiwe amakumvera. Udzawauze kuti sindinafune kuwanamiza, ndinkangowawidwa mtima kuona anthu akuwaseka.

Lero m'mawa anatulutsa mankhwala a ku kiliniki, nawaika pa thebulo patsogolo panga, nakhala pampando. Anatembenuza tsaya la kumanzere, ndinawadzoza. Anatembenuza la kumanja, ndinawadzoza. Ndinalimba mtima nkufunsa ngati andikhululukira. Anatsegula kabuku kaja pa tsamba latsopano, nalemba dzina langa pamwamba, nati: "Mayeso ayamba lero. Zotsatira pakatha masiku khumi ndi anayi."

Ndawerenga pa kalendala, Felistas. Ndi tsiku la ukwati lenilenilo. Undipempherere ndikhoze.

Upereke moni kwa apongozi anga, umpsompsone Happy ndi mlongo wake. Ambuye akusungeni nonse, ndipo akuyendetse bwino pa msewu wautaliwo.

Ndine amai ako okukonda,
Olipa