Dzanja la Zelesi linali m'mwamba

Lachitatu, 6 Juni 2018

Kuzizira koopsa. Bwalo la basiketibolo lonyowa ndi mame, mpira woterera. A kochi athu, a Maliro, andikalipiranso: "Christobel, ntchito yako ndi kugawa mpira. Uziyamba waona anzako anayi, ringi pambuyo." Ndangogwedeza mutu. Ndine wamfupi pa timu yonse, ndikapanda kugoletsa adzandiona ndani?

Zelesi, mnzanga wamtali amene amaima pansi pa ringi, akuti bambo ake akubwera Loweruka kuchokera ku Tsangano. Akufuna kumuchotsa kuno, akalowe sukulu yoyendera kwawo, azithandiza kumunda wa mbatatesi. A kochi anawachonderera kuti adzaone kaye mmene amasewerera. Akakhutira, Zelesi atsala. Ndamulonjeza kuti akangokweza dzanja, mpira ndi wake.

Loweruka, 9 Juni

Tawina, 41 kwa 33. Ine mapointi 26. Zelesi awiri.

Sindilemba zambiri lero.

Lamlungu, 10 Juni

Ulaliki sindinaumve ngakhale pang'ono. Ndilembe basi, mwina mtima ukhala pansi.

Dzulo mpira woyamba ndinauponyera patali, unalowa. Wachiwiri unalowanso. Anyamata a Fomu 4 anayamba kuimba dzina langa akumenya zidebe, ine mutu n'kukula. Zelesi ali pansi pa ringi, womutchinga wake womulekeza m'khwapa, dzanja lili m'mwamba. Kasanu ndi kawiri. Ndawerenga. Ndinkamuona bwinobwino, n'kuponya ndekha. A kochi anakuwa mpaka kusasa mawu.

Bambo ake a Zelesi malamulo a masewerawa sawadziwa, ankangowerenga amene walowetsa. Sanaone kuti mipira yonse yomwe ndinaphonya amaitola ndi mwana wawo n'kundibwezera. Titamaliza anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Iwe ndiye katswiri. Wangayu amangothamanga ngati akupirikitsa nkhuku."

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka nawo.

Lachiwiri, 12 Juni

Bola Zelesi akanandilalatira. Pa mzere wa phala wangofunsa chapansipansi, "Sumandiona eti?" Ndati dzuwa limandithobwa m'maso. Dzuwa lake liti, kunja kunali mitambo tsiku lonse? Iye wati, "Eya, linalikodi," n'kundigawira shuga wake.

Phalalo landikanika. A kochi sakundiyankhula, akungoimba wezulo.

Lachisanu, 22 Juni

Wapita. Achimwene ake anabwera pa njinga yamoto kudzatenga matiresi ndi chikwama. Anabweretsanso thumba la mbatatesi, akuti bambo atumiza kwa "katswiri uja." Lili pansi pa bedi langa. Anzanga m'hositelo akuti tikazinge tchipisi, ndakana. Akuti ndine womana. Sakudziwa kuti akunena zoona.

Madzulo ndinapempha a kochi kuti aimbire bambowo foni. Atandipatsira foniyo, ndinawauza bambowo kuti wolakwa ndine, Zelesi sindinamupatse mpira. Anaseka. "Ulemu wako ndaumva, mwanawe. Koma ndinaona ndi maso anga."

Lachinayi, 5 Julaye

Pamalo pa Zelesi ayikapo Ida. Amayesetsa, koma msinkhu palibe. Ine tsopano ndikungopatsira, ngakhale njira itatseguka mpaka pa ringi. Manja akukana kuponya. A kochi ati, "Kale umamana anzako, lero ukumana timu. Zonsezo n'chimodzimodzi, sukuyang'ana bwalo."

Ndamulembera Zelesi uthenga pa foni ya achimwene ake. Sanayankhe.

Loweruka, 21 Julaye

Taluza ndi a ku Dedza, 30 kwa 29. Masewera omaliza a temu.

Kunatsala masekondi asanu, mpira uli ndi ine, wonditchinga ataterereka. Ringi ili poyera. A kochi akukuwa "Ponya! Ponya!" Ine ndinaukweza chakumanzere kwa ringi, m'mwamba, paja Zelesi amaulandirira. Unadutsa pamutu pa Ida n'kukagwera m'mapesi kuseri kwa bwalo.

Palibe anandikalipira. A kochi anadikira kuti onse achoke, kenaka anafunsa kuti ndimapatsira ndani. Ndinafuna kuti ndinene Ida. Ndati Zelesi.

Mbatatesi zija zayamba kuphuka m'thumba. Tikatsekera Lachisanu sindilunjika kwathu, ndikwera minibasi ya ku Tsangano. Kumubweza kuno sindingathe. Ndikangomuuza kuti tsiku lija dzuwa kunalibe.