Ndinaima pakhomo ngati chitsa

Mawa abweranso kudzatenga Tadala, ndipo akuti abwera atatu.

Lachinayi madzulo. Lero kwandiwawa. Alamu anga, akulu awo a malemu bambo a Tadala, anafika kuno ku esiteti masana. Akuti kwawo mwana ndi wa kuchimuna poti ng'ombe zinaperekedwa. Ng'ombe zake ziti? Kwathu kwa Dzoole sitinaone ngakhale mchira. Mwanayo akuyamwabe.

Ndinaima pakhomo monga amatiphunzitsira a Phiri, alonda athu amene anagwirapo ntchito kwa Matchaina ku Lilongwe. Iwo amati ndi tayichi, ife timaseka kuti ndi gule wa bilimankhwe. Amandiuza kuti, "Mayi a Tadala, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa. Mukatangadza kwambiri mugwa ngati mbuzi pamatope. Pindani mawondo pang'ono, thupi lonse litsamire pansi."

Alamu anandikankha pachifuwa kawiri, koma sindinasunthe. Anati, "Iwe mkazi, wamera mizu?" Ataona anthu a ku shedi ya fodya akubwera, anachoka akutukwana.

Tsopano ndayesanso kuima chimodzimodzi pakhomopa ndili ndekha. A Phiri anapita kumaliro ku Mponela. Nanga anthu atatu ndiwatsekereza bwanji? Awiri akangondinyamula, mizu ija yathera pomwepo.

Foni ya amalume ikungoitana osayankhidwa. Amalume, mwini mbumba ndinu. Chonde bwerani kunja kusanache, mudzaime pakhomopa ndi ine, chifukwa ndekha...