Ndinaotcha Munda wa Amayi Mphepo Ikuwomba

6 Epulo
Chipale chofewa chatha kusungunuka. Kuseri kwa nyumba udzu wa chaka chatha wauma gwa. Pansi pake mizu ya maluwa a amayi, omwe mbewu zake ankatola m'mphepete mwa njanji, kumene khasu silinafikeko. Chaka chilichonse ankaotcha kuti aphuke bwino. Chaka chino woyatsa ndine. Amayi kulibe.

8 Epulo
Kwabwera achimwene a Wendell ndi mkazi wawo Jolene. Akufuna nyumba igulitsidwe. Ati ogula amafuna kapinga, osati tchire. Jolene, mphuno m'mwamba: "Mlamu, muli njoka umu." Ndamuuza kuti njoka ya pabwalo pano ndi imodzi, yavala ndolo.

11 Epulo
Ndawapeza a Wendell ndi mpope kumsana, akupopera mankhwala opha udzu. Sindinaganize. Ndawamenya, mpini wa fosholo pakamwa. Dzino pansi. Andikoka tsitsi, mutu wanga pampanda kawiri. Khutu likulirabe. Akulavula magazi amvekere: "Iwe Tessa, maluwa sadzutsa wakufa. Loweruka ndidzamaliza."
Zigubu za mankhwalawo asiya m'shedi, pafupi ndi petulo.

12 Epulo
Mankhwala aja amalowera patsamba. Popanda tsamba, muzu sufa. Ndiotcha asanabwere.

14 Epulo
Amayi ankadikira mphepo igone. Ankaitana aneba, masaka onyowa m'manja. Ine ndekha, mphepo ya kum'mwera, machesi.
Moto unathamanga ngati galu wolusa. Mpanda, kenako shedi. A Wendell anaona utsi ali pamsewu, n'kukhotera kuno. Analowa m'shedimo kukatulutsa njinga yamoto ya malemu bambo. Chigubu cha petulo chinaphulika.
Ndinawakoka ndine, pa lamba. Khungu la m'manja mwawo linatsalira pa chitsulo cha chitseko. Fungo lake lili m'tsitsi mwanga.

19 Epulo
Apolisi abwera, apita. Kuchipatala sindinapite. Chotupa cha pamutu chikadalipo.

3 Meyi
Paphulusa paphuka. Timasamba tobiriwira paliponse, tochuluka kuposa zaka zonse za amayi.
Jolene waimba foni, mawu osasa. Ati a Wendell sangagwire supuni, akudyetsedwa ngati khanda. "Akufunsa za inu, mlamu. Ati simunafune kuti apse." Sindikudziwa ngati sindinafune.
Masamba ali poyera tsopano. Lero ndiye mankhwala akanagwira bwino. Koma dzanja logwira mpope palibe.
Ndalemba zimenezo. Ndaziyang'ana nthawi yaitali. Sindifufuta.