Malata a Pulofesa

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno ana ali bwino, inenso ndikudzuka ndithu.

Malata aja adagula achimwene anu, a Pulofesa, oti tidzafolere nyumba ku Eriya 12, ndapereka kusukulu ya ku Eriya 2. Ana obwera ndi likulu la boma lomwe lasamukira kuno achuluka, ena ankaphunzirira pansi pa mtengo. Loweruka adandiitana kukaona kalasi yomwe afolera ndi malatawo. Ahedi atangoyamba kutamanda malemu achimwene anuwo, mvula idagwa, denga lidasokosa, sitidamvenso kanthu. Mayi wina adandigwira dzanja nati, "Lirani, mayi." Ine ndinkangoyang'ana kudenga kuti ndione ngati pakudontha. Sipankadontha.

Akufuna chithunzi chawo choti apachike pakhoma. Chili m'sutikesi tidasiya kwanu ija. Mutumize kwa ahediwo, chisadzere kwa ine.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Nabanda