Nsatsi zanga m'manja mwa mzungu

Lachinayi, Julaye 1963. Nkhungu ya Mzuzu mpaka masana, ndipo mtima ukundiwawabe.

Masiku atatu ndakhala ndikuboola nsatsi ndi singano yamoto, zala zonse matuza. Ndimafuna ana a Fomu 4 aone ndi maso zimene ndinawerenga m'magazini ya sayansi: kuti m'minofu mwathu muli timibulu totchedwa akitini, tolumikizana mutu kumchira, tonse kuloza mbali imodzi, m'mizere iwiri yopotana ngati chingwe. Nsatsi ili ndi kamutu, n'chifukwa chake ndinaisankha.

Lero kunabwera woyendera sukulu. Mzungu wathu wa sayansi anatenga chingwe changa cha nsatsi m'kabati osandipempha. Mzere umodzi unamumasukira, iye n'kuupotanso mozondoka, mitu ina kumpoto, ina kumwera. Kenako anauza mlendoyo pamaso pa ana kuti, "Nzeruyi ndi yanga, uyu anangotunga. Anthu awa ali ndi luso pa mikanda."

Mikanda, akutero.

A Gondwe, mphunzitsi mnzanga, anandiponda phazi n'kunong'ona kuti, "Chete, asambizgi anzanga, muli ndi banja." Mlendo atayamikira manja anga, ndinadzimva ndikuti, "Yewo, bwana."

Dzina langa lisatchulidwe, palibe kanthu. Koma ana onse ajambula m'makope mwawo chingwe cholakwika, ine nditaima pomwepo ngati mtengo. Mawa ndiyenera kuwauza kuti afufute. Adzafunsa kuti analakwitsa ndani, ndipo ndikudzidziwa ine, ndidzati ndine…